Mmene ndinagwadira mwana wanga pamaso pa kalasi yonse

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi Amake Gasipala, mnzanga wa mumphakati wathu wa kutchalitchi, amene amagulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango pasukulu yathu kuno kwa Mlolo. Sindikuwaimba mlandu ayi, Mulungu awadalitse pamodzi ndi beseni lawo. Kungoti zitumbuwa zawo zikanatha msanga tsiku limenelo iwo n'kubwerera kunyumba, bwenzi lero ndikuyenda m'mudzi muno ngati mayi wina aliyense, osati mmene zililimu, kuti ana a sukulu akandiona pamjigo amagwirana mapewa n'kumabisa mano.

Anandipeza pakhonde ndikusenda mtedza. Anatula beseni osapereka ndi moni womwe, anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pafupi nane mpaka bondo kukhudza bondo.

"Amake Felista, mtima wanu uli bwino lero?"

"Uli bwino. Kwagwanji?"

"Mwana wanu akuyankhula."

"Iii, amayankhula kale. Mukuyesa ndi wosayankhula?"

"Ayi, mvetsani. Akuyankhula myaa, ngati wayilesi, osakakamira ndi pamodzi pomwe. Koma mawuwo si ake. Ndi a malemu amayi anu."

Ndiyambe ndakuuzani za Felista kuti mumvetse chimene mtedza unatayikira pansi. Felista ndi mwana wanga womaliza, ali giredi seveni, ndipo ali ndi chibwibwi chiyambire kuphunzira kuyankhula. Mawu amamufika pakhosi n'kutitimira ngati ngolo m'matope a Febuluwale. Nkhope imachita kuuma, maso kutsinzina, iwe womvera mpaka kumva kupweteka pachifuwa pako. Ndamupempherera mwanayu kolona wosawerengeka. Ndipo monga mayi, ndikaona mwana akuvutika ndinkamuthandiza. Akati, "Ndi-ndikufuna m-m-m," ine msangamsanga, "Madzi," n'kumupatsa madzi. (Ndamva posachedwapa kuti nthawi zambiri ankafuna mchere. Mwana wamwa madzi ambiri uyu pa moyo wake.) Kukiliniki ndinkamuyankhulira ndine, kusitolo ndine, alendo akamufunsa dzina ndinkayankha ndine. Ndinkati ndi chikondi.

Tsono amayi anga. Anatisiya zaka zingapo zapitazo, Mulungu awapatse mpumulo wosatha, ndipo ngati n'kotheka awapatse malo otalikirako pang'ono ndi oyera mtima ofatsa aja, chifukwa amayi anga anali ndi pakamwa. Ankayenda motsimphina mwendo wakumanzere, ankakoka fodya wa m'mphuno, ndipo asanakalipire munthu ankayamba ayetsemula, ngati kuchenjeza. Munthu akawadumpha pamzere kuchigayo, kapena akapereka moni kwa ena iwo n'kuwasiya, ankamufunsa kuti, "Nanga ine ndine chitsa?" Ine ankanditcha Pumbwa, chifukwa akuti ndinkayamba kulongolola kusanache ngati mbalame ija. Ndipo dzina lakuti Felista linali lawo la ubatizo. Anamutcha okha mwanayu ali m'chikuta.

Ndiye mukuona. Dzina ndi lawo. Munthu amene anakulira m'mudzi safunika kumuuza zambiri.

"Ndaona ndi maso angawa," anapitiriza Amake Gasipala. "Ndinapita kukapereka zitumbuwa kwa aMadamu Tembo, atsopano aja ophunzitsa masewero. Ndasuzumira pawindo, madesiki akankhira kukhoma, ana akhala pansi mozungulira. AMadamu atenga tinthu m'manja, akhutchumula, aponya pansi, ayang'anitsitsa, kenako akuuza ana zimene zichitike. Amake Felista, ngati si ula umenewo ndi chiyani? Basi mwana wanu wadzuka, duku kumutu, akutsimphina. Wayetsemula. N'kuloza mnyamata wina chala, ati nanga ine ndine chitsa?"

Ndinawerama n'kuyamba kutola mtedza uja.

Felista atabwera kusukulu ndinamukhazika pamphasa. Anali Felista wanga yemweyo, maso pansi, manja pamiyendo.

"Mwana wanga, kodi n'chiyani chimakuchitikira m'kalasi ya aMadamu Tembo?"

"Amayi, ndi s-s-s..."

"Sukudziwa? Ee, sungadziwe, mwana wanga. Ogwidwa sadziwa."

"A-ayi, ndi-ndimango..."

"Umangozindikira zachitika kale. Ndamva. Usadzivute."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapumira m'mwamba n'kukatsuka mbale. Ine ndinati, taonani, mwana watopa nacho chinthuchi.

Atatuluka ndinatsegula sutikesi imene ndimasungamo zinthu za malemu. Duku lawo lofiira la madontho oyera munalibe. Kabotolo ka fodya wa m'mphuno munalibe. Ndinakhala pansi pomwepo. M'mutu mwanga simunabwere n'komwe ganizo lakuti mwana angathe kutsegula sutikesi. Ndinangoti eni ake abwera kudzatenga katundu wawo.

Ndinayamba ndi zimene ndikudziwa. Ndili ndi botolo la madzi odalitsidwa amene ndinatunga pa Pasaka. M'mawa ndinathira pang'ono m'phala la Felista. Sanasinthe. Mawa lake ndinathira ochulukirapo. Anakweza supuni, phala likuyenderera ngati thobwa.

"Amayi, ph-phala ili la..."

"Lakoma, ndikudziwa. Maliza lonse."

Ndinaika kolona pansi pa mphasa yake. Ndinawaza yunifomu, nsapato, mpaka chikwama cha mabuku, moti buku la masamu linafufuma ngati chitumbuwa. Koma Amake Gasipala ankabwerabe ndi malipoti. "Lero amayi anu akalipira mnyamata wa kwa aDaka mpaka kumukhalitsa pansi." "Lero aseka, kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno."

Ndinawauza abambo ake Felista. Amuna anga ndi munthu wofatsa, mkamwini amene wakhala pamudzi pathu pano chikwatirire, ndipo apongozi awo ankawaopa kuposa njoka. Anamvetsera nkhani yonse akusema mpini, kenako anaika kasemasema pansi.

"Ndiye mukuti apongozi ali m'nyumba muno?"

"Ndikuti ali mwa mwana."

"Nanga ine ndakhala ndikudya pamaso pawo masiku onsewa?"

Abale anga, kuyambira tsiku limenelo bambo wamkulu anayamba kuthawa mwana wake womubala yekha. Chakudya ankakadyera kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina ndinaona ndi maso anga, akuchokera kudimba, Felista akuchokera kumjigo, akumana pakanjira. Abambo ake anapatukira m'tchire, ananjuta pansi nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja mwaulemu mpaka mwana anadutsa. Felista anaima, ndowa pamutu, pakamwa yasa.

"A-atate, mwa-mwataya chiyani?"

"Pitani, pitani, zikomo," iwo osatembenuka.

Nditawafunsa anati, "Amake Felista, ine sindikunena kuti ndi iwo. Koma ngati ndi iwo, sindifuna mlandu."

Apa ndinaona kuti banja likupasuka. Bambo mfumu amabwera kutchalitchi chathu mwa apo ndi apo, ndipo ulendo wawo unali udakali kutali. Amalume ena anayamba kale kunena zofulula mowa kuti mzimu ugone, zimene ine monga mkhristu sindikanalola. Ndiye ndinagamula ndekha. Ndinamuuza Felista m'mawa akuvala yunifomu kuti, "Lero ndi lomaliza kulowa m'kalasi ya masewero ija. Ndibwera ndekha kudzakuchotsa. Ndipo ngati aMadamu akana, sukulu yomwe uyamba waima mpaka bambo mfumu abwere."

Mwana anagwetsa chipeso. Milomo inanjenjemera, mawu osatuluka ndi amodzi omwe. Misozi yokha ndiyo inatuluka. Ine ndinati ndi mzimu ukukana kusamuka.

Masana ndinavala chitenje changa cha mumphakati, kolona m'khosi, botolo m'manja, ndinathyola kanthambi ka bulugamu kowazira. Amake Gasipala anati andiperekeza. "Ine sindiopa," anatero m'njira. "Amayi anu tinkagwirizana kwambiri." Titafika anasankha kuima pawindo, ati kuti aziona ngati mzimu uthawire panja.

Nanenso ndinayamba ndasuzumira. Zinali monga ananenera. Ana akhala mozungulira, aMadamu Tembo, kamtsikana kochepa thupi ka magalasi, agwada pakati.

"Tili kuchigayo," akutero aMadamu. "Dzuwa lapendeka, dizilo watsala wogayira thumba limodzi lokha, pamzere pali anthu ambiri. Wachigayo, wafika mwini sitolo ndi thumba lake, akufuna kudumpha onse. Tiyeni tione ngati umulola."

Anakhutchumula tinthu tija m'manja n'kutiponya pansi, waa! Ana onse anaweramira pomwepo.

"Tagwa chagada tambiri. Wamulola. Tsono inu a pamzere mutani?"

Ndipo pakona panadzuka munthu. Duku lofiira la madontho oyera, lomangidwa mfundo kutsogolo monga ankamangira eni ake. Mwendo wakumanzere ukukokedwa. Anatsegula kabotolo, ananunkhiza, n'kuyetsemula.

"Iwe mnyamata wachigayo! Ine ndafika pano mame asanaume, chimanga ndasenza ndi mutu wangawu, osati pa njinga ngati bwana wakoyo. Wamuona iye yekha? Nanga ine ndine chitsa?"

Mawu onsewo anatuluka ngati madzi a mumpopi. Chibadwire cha mwana wanga ndinali ndisanamumvepo akunena mawu ochuluka chotero mpweya umodzi. Ndipo katchulidwe kake, kakwezedwe ka chibwano, dzanja m'chiuno, anali amayi anga enieni.

Sindikumbuka mmene ndinafikira pakhomo. Ndimangokumbuka ndili m'kati, ndikupemphera mokweza, kanthambi kakugwira ntchito. Oyamba kulandira anali aMadamu, kumaso kwenikweni, magalasi onse madzi okhaokha. Kenako tinthu tawo tija. Kenako wachigayo, amene sanalakwe kanthu. Ndinadabwa kuti ana sanathawe. Anangosendera kundipatsa malo, maso akuwala, wina n'kunong'oneza mnzake kuti, "Mlendo wa lero ndi ameneyu."

(Zimene sindinkadziwa n'zakuti aMadamu ali ndi lamulo: aliyense wolowa pakhomo sewero lili m'kati, ndiye kuti ali m'sewero. Nthawi zina amapempha aphunzitsi anzawo kuti alowe mwadzidzidzi ngati wapolisi kapena wogula mtedza, kuti ana aphunzire kuyankha zimene sanakonzekere. Anawo anangoti aMadamu lero apeza katswiri.)

Ndinafika pa Felista n'kumukhuthulira pamutu madzi onse otsala m'botolo. "Tulukani mwa mwana wanga!"

Anauma. Ndinaona maso ake akuthamanga, kuyang'ana ine, kuyang'ana aMadamu amene ankafufuza popukutira magalasi, kuyang'ana anzake. Milomo inayamba kunjenjemera monga imachitira. Ndinati eya, madzi akugwira. Kenako anakweza manja, anakoka mfundo ya duku kuilimbitsa, n'kuyetsemula.

"Iwe Pumbwa! Ukundithirira madzi ngati ndine mpiru wa kudimba?"

Pumbwa. Dzina limene ndinali ndisanalimve chiikire maliro. Ndinangozindikira mawondo ali pasimenti.

"Amayi, ndinu?"

"Nanga ukuona chitsa?"

Ana anaseka. Ine mumtima ndinati ana a masiku ano, ngakhale akufa sawaopa. AMadamu anali atavala magalasi tsopano, ndipo ndinawaona akutsegula pakamwa kuti aletse. Koma anayang'ana Felista, Felista anawayang'ana, ndipo anatseka pakamwa n'kukweza dzanja kuti ana akhale chete.

"Amayi," ndinatero, manja ndagwirizanitsa, "tinakuikani mwaulemu, Misa tinakuperekerani, pamanda timalambula. Mukufunanji mwa mwana? Tulukanimo, chonde, kapumeni."

"Ndituluka ukamva chimene ndabwerera. Mwana uyu..."

"Akudwala, ndikudziwa, amayi, ndiye chifukwa chake..."

"Chete! Waona? Sindinafike ndi pakati pomwe, iwe wamaliza kale. Matenda ako ndi amenewa, Pumbwa. Mwana uyu akangotsegula pakamwa, iwe walowamo kale ndi mapazi onse awiri. Akufuna mchere, ukumupatsa madzi. Kukiliniki akufuna kunena kuti mutu, iwe wauza kale anesi kuti m'mimba. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba mwanayu, mutu ukumuwawa!"

"Ndinkamuthandiza, amayi."

"Kumuthandiza! Ngolo ikatitimira, umadikira ng'ombe zikoke. Sutsitsa katundu wa eni ake n'kuthawira naye kwanu. Lilime lake ndi lolemera, inde, koma likudziwa kumene likupita. Ndiwe amene sudziwa."

Ana onse anatchera khutu. Ngakhale wachigayo anasiya kufinya malaya ake.

"Kutchalitchi akatekisiti anafunsa kuti ndani adzawerenge mawu pa Misa ya Ulimbitso. Mwana anakweza dzanja. Unatani iwe?"

Ndinaweramitsa mutu. Zinali zoona. Ndinali nditakhala kumbuyo kwake tsiku limenelo, ndipo ndinagwira dzanjalo n'kulitsitsa mwakachetechete, ngati kuti ndikumuchotsa kachitsotso. Ndinkaopa kuti adzamuseka. Ndinkayesa kuti palibe anaona, ndipo mwini dzanja sananenepo kanthu.

"Ndinalitsitsa, amayi."

"Unalitsitsa. Tsono lero wabwera kudzamuchotsa malo amodzi okha amene anthu amadikira kuti amalize. Uchita zimenezo?"

Apa mawu anagwedera pang'ono. Ndinakweza maso, ndinaona pansi pa duku lonyowalo misozi ikutsika. Ndinaganiza kuti amayi anga kumwambako aphunzira kulira, chifukwa pansi pano sindinawaonepo.

"Sindimuchotsa, amayi."

"Nena mokweza, ana awa akhale mboni."

"Sindimuchotsa! Ndipo ndizidikira amalize. Ndalonjeza pamaso pa Mulungu."

"Chabwino. Ndikupita."

Tsono apa ndi pamene ndimafuna nthaka ikanang'ambika. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Koma ine ndinaganiza kuti mwayi woyankhula ndi amayi subwera kawiri, ndipo panali nkhani imene inkandisowetsa mtendere chimwalirire chawo.

"Amayi, musanapite. Mphika waukulu uja wophikira thobwa, munabwereketsa ndani? Tafunafuna mudzi wonse."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuloza pawindo.

"Funsa uyo wasuzumira apoyo. Uli kuseri kwa chitseko chake, akusungiramo madeya."

Tinangomva beseni likugwa, ndi mapazi. Amake Gasipala, amene amadandaula nyamakazi Lamulungu lililonse, anadutsa bwalo la mpira osaima.

AMadamu anawomba m'manja, chimene ndi chizindikiro chawo chakuti sewero latha. Kalasi inaphulika. Ana kukuwa, kuwomba m'manja, ena kugubuduka pansi. Mtsikana wina anabwera kudzandigwira chanza. "Amayi, mumatha! Mpaka misozi yeniyeni! AMadamu, mlendo uyu azibwera sabata iliyonse!"

Ine ndili chigwadire, sindikumva mutu wake. Ndiye ndinaona amayi anga akumasula duku. Mwendo wotsimphina uja unawongoka. Chibwano chinatsika. Amene anatsala anali mwana wanga, tsitsi lonyowa, akunjenjemera ngati mwanapiye. Anabwera n'kugwada patsogolo panga, mawondo ake kukhudza anga.

"A-a-amayi, ndi-ndine. Ndi s-s-s..."

Pakamwa panga panatseguka pokha. Mawu anali atafika kale pa lilime, okonzeka kudumpha. Koma ndinali nditangolonjeza kumene, ndipo mboni zinali zitandizungulira. Ndinaluma mlomo. Ndinadikira. Kunali kudikira kotalika kuposa ulaliki wa Lachisanu Loyera. Maso ake anatsinzina, khosi linakoka.

"S-sewero. Ndi sewero, amayi."

Mawu omwe aja amene anayamba kundiuza pamphasa tsiku loyamba, ine n'kumumalizira molakwa.

Ndikuuzeni zoona, chimene chinayamba kubwera si manyazi. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo anabwera ndi katundu wawo yense, mpaka lero sanasamuke. Choyamba chinali kupepuka, ngati munthu wakutula mtolo wa nkhuni umene wayenda nawo kuchokera kuphiri. Mwana wanga alibe mzimu. Mwana wanga ndi wabwinobwino. Ndipo mawu onse aja, oyenda myaa aja, anali ake. Ndinamukumbatira pomwepo pasimenti, ndikulira ndikuseka, ndikuti zikomo Ambuye, zikomo Amayi Maria. Pansi pa mtima panalinso kachisoni pang'ono, chifukwa kwa kanthawi ndinali ndi amayi anga, ndipo ngakhale ankandikalipira, ndinali nditawasowa.

AMadamu anatulutsa ana, anandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala padesiki bulauzi ili nyowe. Ndinapepesa mpaka mawu kutha.

"Musadandaule, amayi," anatero. "Chiyambire ntchito sindinadalitsidwepo chonchi."

Anatola tinthu tawo tija n'kundiika m'manja. Abale, tinali tizitsekerero ta mabotolo a zakumwa. Ula wanga wonse uja.

"Timaponya kuti pasakhale wodziwiratu zimene zichitike," anatero. "Ngakhale ine sindidziwa. Tikagwa chagada nkhani ipita uku, tikagwa chafufumimba ipita uko. Mwana saloweza mawu, amayenera kuganiza pomwepo ngati munthu amene wamuvalayo. Tsiku loyamba ndinawauza kuti aliyense asankhe munthu amene amamudziwa, wosaopa aliyense. Ena anasankha apolisi, ena madalaivala a minibasi za ku Chipata. Felista anabwera ndi duku."

"Ndiye wachira?"

"Ayi, amayi, sindikunamizani. Chibwibwi chilipo. Kungoti ana ena akavala munthu wina, mantha amatsala panja, lilime limapepukako. Chimene ndikufuna ine n'chakuti tsiku lina ayankhule ali Felista, kaya akakamira kaya sakakamira, anthu n'kumudikira."

Pobwerera kunyumba tinayenda awiri, botolo lopanda kanthu lili m'manja mwanga. Ndinati ndimukalipire pang'ono, chifukwa mwana kutcha mayi ake iwe pamaso pa anthu si zinthu. Koma anayamba ndiye.

"Pe-pepani, amayi. Ndi-ndinaopa kuti mu-mundichotsa. Ndipo a-agogo okha ndi amene mu-mu-mu..."

Ndinadikira. Tinadutsa munda wonse wa aDaka.

"...munkawamvera."

Mwana ananena zoona.

"Nanga za mphika unadziwa bwanji?"

"Ndi-ndinauona kalekale. Ndinayesa ku-kukuuzani. Munati ndikufuna m-mpeni."

Mphikawo tinaupeza pakhomo m'mawa mwake, wotsukidwa bwino ndi mchenga mpaka kuwala. Amake Gasipala masiku ano amauza anthu kuti iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi sewero, ankangofuna kuona ngati chikhulupiriro changa chili cholimba. Ndimangowayang'ana. Tikadali pa ubwenzi, ndipo zitumbuwa amandipatsa ndi basera.

Abambo ake Felista nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola, ati akazi mumakhulupirira zilizonse. Anabwerera kudzadyera pakhonde. Koma duku lija ndinamupatsa Felista kuti likhale lake, ndipo tsiku lina atalichapa n'kuliyanika pachingwe, ndinaona bambo wamkulu akuzungulira kuseri kwa khola kuti asadutse pafupi nalo.

Felista akupitabe kukalasi ya aMadamu Tembo. Akuti masiku ano amavala anthu ena: nesi, mayi wogulitsa tomato, ndipo sabata yatha anavala mayi wina wa botolo ndi kanthambi, kalasi yonse n'kudziwa kuti ndi ndani. Ine anandiitana kuti ndizibwera monga mlendo. Ndinakana. Munthu sugwa m'dzenje limodzi kawiri anthu akuonerera.

Kunena kuti ndasintha kotheratu kungakhale kunama, ndipo ndine mkhristu. Dzulo lomweli anati, "Amayi, ndi-ndikupita ku m-m-m," ine ndati, "Kumjigo, tenga ndowa yaikulu." Anangondiyang'ana n'kuyetsemula dala. Ndinakhala pansi n'kudikira. Kunali kumunda.

Lamulungu lapitali ndinapita ndekha kwa akatekisiti kukawauza kuti dzanja lija linakwezedwa, ndine ndinalitsitsa. Alemba dzina lake. Mwezi wamawa, ambuye bishopu akadzabwera ku parishi, Felista adzaima kutsogolo kwa tchalitchi chodzaza n'kuwerenga mawu a Mulungu. Ndinamufunsa ngati adzavale duku la agogo ake. Anati ayi, adzawerenga yekha. Akuyeserera madzulo aliwonse pakhonde, ndipo pali mawu ena amene amatitimirapo nthawi zonse. Ine ndimawadziwa, ndawaloweza, amachita kundiyabwa pa lilime. Ndimaluma nsonga ya chitenje, moti china chabooka kale.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, sekani, ndakulolani, ngakhale ine ndimaseka ndikakhala ndekha kudimba. Koma mukatha kuseka, mutikumbukire banja lathu m'mapemphero anu. Mukumbukire amayi anga kuti apume mumtendere, pakuti ndinawavutitsa popanda chifukwa. Mukumbukire abambo ake Felista ndi mantha awo. Ndipo tsiku la Ulimbitso likamayandikira, mupemphere zinthu ziwiri: lilime la mwana wanga limasuke, langa limangike mpaka iye atamaliza.